Wina Akukufunani Panja

Mnyamatayo anafika pa kazenera ka Chiu-yen Loweruka masana, atavala jekete yoyera, tsitsi likunyezimira mafuta, m'khwapa atapanira chikwama cha lipenga. Anaika kandalama pa thabwa n'kunena kuti akufuna kuitanitsa munthu.

Chiu-yen sanadzutse mutu. Anaviika kaburashi mu inki n'kufunsa dzina.

"Dzina lako ndani?" anatero mnyamatayo.

"Ndafunsa dzina la munthu amene mukumufuna."

"Ndiye ndikufunsa lomwelo."

Ntchito ya Chiu-yen ku holo ya Peng-an, mumzinda wa Chiayi, inali yolemba mayina pa galasi. Zaka zimenezo kunalibe mafoni a m'thumba. Munthu akalowa kukaonera kanema ndiye kuti walowa basi, dziko lamutaya. Mwana akadwala kunyumba, kapena alendo akafika mwini makiyi ali m'kati, wina ankathamangira pa kazenera kameneka n'kutchula dzina. Chiu-yen ankalilemba pa kagalasi kakang'ono ngati chikhatho, n'kukwera nako masitepe kukapereka kwa Malume Ong, mkulu woyendetsa makina oonetsera kanema. Posakhalitsa m'mphepete mwa chinsalu, pambali pa nkhope za anthu a m'kanema, pankatuluka mawu akuti: "Uje, wina akukufunani panja."

Lamulo linali limodzi, ndipo linali lakale kuposa Chiu-yen. Dzina lililonse lotchulidwa pa zenera limakwera. Kaya woitanayo ndi wapolisi, kaya ndi apongozi olusa, zimenezo sizinali za ogwira ntchito.

Mnyamata wa jekete yoyera ankalidziwa lamulolo. Anatembenuka n'kufunsa amayi ogulitsa nzimbe ndi magwafa pakhomo kuti mtsikana wa pa zenerayu dzina lake ndani. Amayiwo, osadziwa kanthu, anamuuza monyadira, popeza anali mwana wawo.

Motero Chiu-yen analemba dzina lake lomwe mokwiya. Malume Ong anayang'ana kagalasiko, anayang'ana iye, n'kukalowetsa m'makina. Anthu a m'holo ambiri ankamudziwa. Kunamveka likhweru, kenaka phwete.

Chiu-yen atatsika, anapeza mnyamata uja atatsamira chipilala.

"Ndabwera. Mukufuna chiyani?"

"Palibe. Ndimangofuna ndione ngati ukaimirira umakongola ngati mmene umakongolera utakhala."

Anati dzina lake ndi Lan Hai, woimba lipenga m'gulu lomwe mwini holo anali atangolemba ntchito.

Holo ya Peng-an inali itaona zambiri, ndipo Malume Ong ankafotokoza mbiri yake kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Inamangidwa m'nthawi ya Ajapani kuti muzichitikira zisudzo zoimba, magulu akumagona kuseri kwa nsanja ndi ana awo ndi mapoto awo. Pa nkhondo denga linagwa mbali imodzi, anthu n'kumaonera zisudzo atafunda maambulera. Kenaka kunabwera kanema, ndipo mzere wa matikiti unkafika ku kachisi wa pa ngodya. Tsopano nyumba iliyonse inali kugula wailesi yakanema, mipando yakumbuyo inayamba kuchita fumbi, ndiye mwini holo anaganiza zobwezeretsa oimba Loweruka ndi Lamlungu. Malume ankati holoyo ili ngati mkazi wamasiye, imasintha chovala koma siisamuka.

Chiu-yen anasiya sukulu bambo ake atamwalira. Chimene anatuluka nacho ndi dzanja lolemba bwino, ndipo dzanjalo ndi lomwe linkagula mpunga kunyumba. Sanali mtsikana wotengeka. Oimba ankawadziwa: amabwera ndi sitima, amapita ndi sitima.

Koma Lan Hai sanapite. Mwezi unatha, unzake unatha, iye akadali pompo. Masiku opanda zoimba ankabwerabe, n'kumasenzera amayi a Chiu-yen mitolo ya nzimbe, jekete yoyera ataipachika pa msomali. Ankawatcha "Amayi" mosachita manyazi. Mwana wawoyo ankamutcha mwachikondi kuti A-yen, ndipo pakakhala palibe anthu ankamutcha duwa langa, kambalame kanga, mwezi wanga wa pakati pa dzinja.

Chiu-yen ankamuuza kuti mawu amenewo akagulitse pa nsanja, kumene anthu amalipira kuti anamizidwe. Koma akabwerera pa zenera ankapezeka kuti walakwitsa dzina la munthu, n'kufufuta, n'kuyambiranso.

Kodi mtima umamva malangizo? Ukanamamva, bwenzi maholo a kanema atatsekedwa kalekale.

Lolemba lililonse awiriwo ankapita kukadya mpunga wa nkhukundembo pafupi ndi siteshoni. Kumeneko ndi kumene Lan Hai anayamba malonjezo. Anati gulu lawo laitanidwa ku mzinda wa Kaohsiung, ku holo yaikulu ya magetsi amitundumitundu, ndipo iye sapita yekha. Anati adzapeza chipinda cha zenera loyang'ana kudoko. Anati manja a A-yen sadzadanso ndi inki.

"Ndikadzakusiya iwe, lipenga langa lidzachite dzimbiri m'manja mwanga," anatero, atagwira pamtima. "Chikondwerero cha mwezi wathunthu chisanafike, ankhoswe anga adzakhala atakhala pa mpando wa amayi ako. Makeke a chinkhoswe adzakwana msewu wanu wonse, ngakhale agalu adzalawa."

Chiu-yen anamufunsa dzina lake lenileni. Aliyense ankadziwa kuti oimba amavala mayina ngati majekete, ndipo palibe mayi wa kumudzi amene angatche mwana wake Lan Hai. Komanso amayi ake ankafuna dzinalo pamodzi ndi tsiku ndi ola lobadwa, kuti akafunse ku kachisi ngati awiriwa akuyenerana.

Lan Hai anaseka mpaka kutsamwa. Anati dzina lake ndi la kumunda, lonunkha matope, ndipo A-yen akalimva asanakwatiwe athawa. Anati ankhoswe adzabwera nalo pa pepala lofiira monga mwa mwambo, alekerenji kudikira pang'ono?

Chiu-yen anadikira. Amayi ake ndiwo sanadikire. Anauza mayi wogulitsa mtedza wowiritsa za chinkhoswecho, ndipo kuuza ameneyo kunali ngati kulemba pa chinsalu. Anakagulanso nsalu yofiira yosokera diresi la ukwati n'kuibisa pansi pa matiresi, pomwe aliyense wobwera kunyumba ankaonetsedwa. Chiu-yen mwini anauza mwini holo kuti ayambe kufunafuna mtsikana wina wa dzanja labwino.

Malume Ong atamva anangoti, "Ndiye ukupita ndi woimba."

"Ndikupita ndi mwamuna wanga, Malume."

"Chabwino. Ine ndangoti woimba."

Lachitatu lina, kutatsala pang'ono kuti chikondwerero chifike, kunabwera kanema watsopano wachikondi. Lan Hai anati pa miyezi yonseyi sanakhalepo pampando umodzi ndi A-yen mumdima ngati anthu ena onse, ndipo n'zochititsa manyazi kwa mtsikana wogwira ntchito m'holo. Chiu-yen anapempha mtsikana wa matikiti kuti amugwirire zenera kanema akafika pakati. Anasankha yekha mipando iwiri ya m'mwamba, mzere wakutsogolo, pomwe palibe mutu wa munthu wotchinga. Lan Hai analowa nyimbo ya fuko, yomwe inkatsogolera kanema aliyense, isanayambe, atanyamula kathumba ka magwafa odula.

"Usachedwe, kambalame. Mpando wako ndiufungatira kuti usazizire."

Kanema atayenda pang'ono, pa zenera panafika mayi wina wachitsikana, mwana kumbuyo, chikwama cha nsalu m'manja. Anali wa kunyanja, zinkaoneka. Khungu linali lopsa ndi dzuwa, zala zili ndi mabala a mpeni wotsegulira nkhono. Anayang'ana zithunzi za pakhoma ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni.

Anapepesa kaye, kenaka anafunsa ngati ndi pano poitanitsira anthu. Anati wakwera basi m'mawa kuchokera kumudzi. Apongozi ake aamuna ali kayakaya, sakudyanso, akungotchula mwana wawo. Mwamuna wakeyo amagwira ntchito m'sitolo ya mawailesi mumzinda muno, koma sitoloyo iye sakuidziwa. Wapita kumene amagona, ndipo mwini nyumba wamuuza kuti walowa kanema ku Peng-an.

"Musandiseke, achemwali, ine kulemba sindidziwa. Ndingotchula?"

"Tchulani, mayi. Kulemba ndi kwanga."

"Ko Thiam-hok."

Chiu-yen analilemba mosamala, popeza nkhani ya matenda ankailemba ndi zilembo zazikulu. Anatulutsira mayiyo kampando, n'kuuza amayi ake kuti ampatse mwanayo kachidutswa ka nzimbe. Mwanayo anali wamwamuna, wa makutu otambalala ngati zogwirira za mphika. Chiu-yen anamutsina tsaya, n'kukwera masitepe.

Iye ndi Malume Ong anali ndi kamasewera kawo. Dzina likakwera, ankasuzumira pa kabowo ka pambali pa makina n'kumalosera amene aimirire. Wolephera ankatsuka makapu a tiyi.

"Thiam-hok," anatero Malume akulowetsa kagalasi. "Limeneli ndi dzina la munthu wa chimimba. Uyo wadazi wakhala pafupi ndi khomoyo."

Chiu-yen anasankha mnyamata wowonda wa mzere wachitatu.

Mawu anatuluka m'mphepete mwa chinsalu. Wadazi sanasunthe. Wowonda anapitiriza kutafuna mtedza. M'holo monse munalibe woimirira.

Malume anafuna kuchotsa kagalasiko, koma Chiu-yen anawagwira mkono. Anati asiye pang'ono, ndi nkhani ya bambo wodwala, mwina munthuyo wagona. Anatenga kagalasi kena n'kuwonjezera mawu akuti: "Bambo anu adwala kwambiri." Malume anakalowetsa.

Pansi pa kabowo pomwepo, m'mwamba, mzere wakutsogolo, jekete yoyera inaimirira.

Inaima kanthawi, kuwala kwa makina kukudutsa pamwamba pa tsitsi lamafuta lija. Kenaka inawerama, n'kuika kathumba ka magwafa pa mpando wopanda munthu wa pambali pake, n'kuyamba kupepesa mawondo a anthu mpaka kukafika pa khomo.

Makina anapitiriza kulira. Pa chinsalu mtsikana wina ankathamangira sitima.

"Tonse talephera," anatero Malume Ong. "Makapu nditsuka ndine."

Chiu-yen anatsika, chifukwa zenera linali lopanda munthu ndipo ntchito inali yake. Anafika pansi mayi uja atagwira kale mkono wa jekete yoyera, akulankhula mothamanga za mankhwala ndi basi yomaliza, uku akudabwa ndi chovalacho, akufunsa ngati ku sitolo ya mawailesi amavala chonchi masiku onse. Mwana anatambasula manja, nzimbe ili kukamwa. Lan Hai anamunyamula mwachizolowezi, ngati munthu amene dzanja lake likudziwa kale kulemera kwa mwanayo.

Makutu anali amodzimodzi. Chiu-yen anadzifunsa kuti anali kuyang'ana kuti miyezi yonseyi.

Mayiyo atamuona anawerama kawiri. "Ndi awa anandithandiza. Thokoza, bambo ake mwana."

Lan Hai anayang'ana chipilala, anayang'ana pansi.

"Zikomo, achemwali," anatero.

"Ndi ntchito yathu," anayankha Chiu-yen. "Fulumirani, basi ya kunyanja siidikira."

Amayi ake anaona zonse ali pa mpando wawo. Sanasiye kusenda nzimbe. Anasenda imene inali m'manja, anatenga ina, anasendanso, ngakhale panalibe wogula.

Madzulo kunyumba sanakambe zambiri. Chiu-yen analira kuseri kwa nyumba, pa mpopi, madzi akutuluka kuti oyandikana nawo asamve. Atalowa anapeza amayi ake atatulutsa nsalu yofiira ija, akuiyeza ndi mkono. Anati ikwana mapilo awiri ndi katani ya pakhomo, ndipo chaka chatsopano chikubwera, zofiira zidzafunika ndithu. Za mayi wa mtedza anati awasiyire iwo.

M'mawa mwake Chiu-yen anapita kwa mwini holo kukanena kuti asafunenso mtsikana wina. Mwini holo anati sanayambe n'komwe kufuna.

Loweruka gulu linaimba popanda lipenga. Anthu sanadandaule kwenikweni.

Chikondwerero cha mwezi chinafika n'kudutsa. Anthu anadya makeke awo a mwezi, ana anavala makoko a zipatso kumutu monga mwa mwambo. Pa msewu wa kwa Chiu-yen panalibe galu amene analawa keke ya chinkhoswe.

Lan Hai anabweranso mphepo itayamba kuzizira, masana a Lachinayi, kanema ali m'kati. Jekete yoyera panalibe. Anavala malaya wamba, pa mkono atamangirira kansalu ka maliro. Amayi a Chiu-yen atamuona anatembenuza mpando wawo n'kuyang'ana kumsewu.

Lan Hai anaima pa zenera n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu. Anati bambo ake anawapeza akadali moyo, ndipo pa chimenecho adzathokoza A-yen mpaka imfa. Anati mkazi uja sanamusankhe yekha. Makolo anamutenga ali khanda kwa anthu osauka, n'kumulera m'nyumba mwawo kuti adzakhale mkazi wake, monga amachitira kumudzi. Anakula akudya mbale imodzi, akumenyana, akutsinana. Kwa iye anali ngati mlongo basi.

"Mlongo wakoyo ali ndi mwana wa makutu ako," anatero Chiu-yen.

"A-yen, mtima wanga, ndimvere. Thiam-hok ndi munthu amene anandipangira. Lan Hai ndi amene ndinadzipangira ndekha, ndipo ameneyo sanakondepo wina koma iwe."

"Nanga wa sitolo ya mawailesi anakupangira ndani?"

Lan Hai anapukuta kumaso. Anati gulu likunyamuka ndi sitima ya madzulo ano kupita ku Kaohsiung. Chipinda chija chilipo, zenera loyang'ana kudoko lilipo. Kumeneko palibe amene amamudziwa Thiam-hok. Kumudzi azidzatumiza ndalama, mwanayo sadzavutika, ndipo mkaziyo sadzafunsa, sanazolowere kufunsa. Anati angotuluka panja pang'ono, akambirane ngati anthu, osati kudzera pa zenera ngati akaidi.

Chiu-yen anati ali pa ntchito.

Pamenepo Lan Hai anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa tsiku loyamba kuja. Anapisa m'thumba, n'kuika kandalama pa thabwa.

"Ndikufuna kuitanitsa munthu. Dzina lake Chiu-yen."

Chiu-yen anayang'ana kandalamako. Mtima wake unagunda, chifukwa mtima ndi chitsiru, sudziwa kuti msika unatha. Anakumbukira mpunga wa pa siteshoni, mitolo ya nzimbe pa phewa, mpando umene unafungatiridwa kuti usazizire. Anakumbukiranso zala za mabala zija, ndi mawu akuti, "Ine kulemba sindidziwa."

Anaviika kaburashi.

"Ndilembe kuti akumufuna ndani? Mayina muli nawo angapo, bambo."

Chiu-yen sanadikire yankho.

"Ndingolemba kuti wina, monga mwa nthawi zonse."

Analemba dzina lake bwinobwino. Anaponya kandalama m'bokosi, n'kukwera masitepe.

Malume Ong anawerenga kagalasiko n'kumufunsa ngati akufunadi kuti kakwere. Anati lamulolo ndi lakale, inde, koma amene analipanga anafa, sangabwere kudzafunsa.

"Kwezani, Malume. Walipira."

Mawu anatuluka m'mphepete mwa chinsalu: "Chiu-yen, wina akukufunani panja." Mwa anthu ochepa amene anali m'holo, mmodzi anaimba likhweru. Ena anatembenuka kuyang'ana kukhomo.

Chiu-yen anakoka kampando ka Malume n'kukhala pa kabowo. Ankabwereza kanema yemwe uja wa Lachitatu, amene sanamuone mathero ake. Mtsikana wothamangira sitima anaipeza, anakwera, anakumbatirana ndi mnyamata wake anthu akuwomba m'manja. Chiu-yen anati ndi bodza, sitima siima chifukwa munthu akulira. Malume anavomereza, koma anati nyimbo yake ndi yabwino.

Kanema atatsala pang'ono kutha, mlonda anatsegula zitseko monga ankachitira masiku onse, kuti opanda tikiti aone nawo mathero. Analowa ana a sukulu, oyendetsa njinga za katundu, ndi agogo ena amene ankadziwa mathero a kanema aliyense mumzindamo koma osadziwa chiyambi cha ngakhale mmodzi. Chiu-yen anawayang'ana onse mmodzimmodzi pamene ankalowa m'kuwala. Wa kansalu ka maliro panalibe.

Magetsi atayaka anatenga kagalasi kake n'kutsika. Pa chipilala panalibe munthu. Amayi ake anali atabweza mpando momwe umakhalira. Anangomuuza kuti munthu uja anaima mpaka wotchi ya pa siteshoni italira, kenaka anathamanga, ndipo anafuna kugula gwafa wa paulendo koma iwo anamuuza kuti atha.

Magwafa anali mulu pa tebulo.

Lero holo ya Peng-an ikadalipo. Inatsekedwa zaka zambiri, inakhalapo mosungira njinga zamoto, kenaka anaikonza n'kuibwezeretsa kukhala ya zoimba. Pakhomo amakuuza kuti uzimitse foni. Kazenera kaja anakasiya, ndipo achinyamata amajambulitsapo poganiza kuti kanali kogulitsira matikiti.

Lachinayi lija Chiu-yen anakhala pa kazenerako, n'kuviika kansanza m'madzi. Inkiyo sinkavuta kuchoka. Anapukuta kamodzi, kagalasi kanayera, n'kukaika pamwamba pa tinzake.

Panafika bambo wina akupuma mothamanga, malaya ali kunja, akuti mkazi wa mng'ono wake wayamba kumva m'mimba ndipo mng'ono wakeyo walowa kanema wa madzulo.

Chiu-yen anatenga kagalasi komweko.

"Dzina?"